Ulendo wa pagalimoto ndi banja lonse: kukaona abale, anzanu ndi mapiri osabwerako mutatheratu

Ulendo woti ana ali kumbuyo, katundu wadzadza mu buti, abale akudikira uko, mnzanu wakalekale akuti simungadutse osandiona, kwinaku inuyo mtima uli kuphiri lomwe mwakhala mukungoliona pa zithunzi, umafuna kukonzekera kwake kosiyana ndi ulendo wongopita malo amodzi n'kubwerako. Chomwe chimaononga maulendo otere kawirikawiri ndi kufuna kukwanitsa zonse m'masiku ochepa, nde mumapezeka kuti kwa agogo mwakhalako maola awiri okha, mnzanu uja mwangomupatsa moni pamsewu injini ikulira, kuphiri mwafika dzuwa likulowa ana atatopa kale, kenako dalaivala akutsika mtsetse mumdima maso akulemera. Zonse ndalemba apazi zagona pa nkhani imodzi, yoti pulani yanu ikhale ndi nthawi yotsala, chifukwa abale amadya nthawi, ana amadya nthawi, phiri nalo limadya nthawi, ndipo mukapanikiza amene amalipira ndi woyendetsa.

Yambani ndi anthu musanayambe za msewu. Kutatsala masabata awiri kapena atatu khalani pansi akuluakulu a m'nyumbamo mulembe maina a onse omwe mukufuna kukawaona, kenako muvomereze kuti si onse mukawaone. Apa mpovuta ndithu chifukwa aliyense amakokera kwawo, bambo akufuna masiku ambiri kwa makolo awo, mayi nawonso chimodzimodzi, nde bola mukanganiretu pakhomo kusiyana ndi kukakangana m'galimoto ana akumva. Ine ndimati okalamba ndi odwala akhale poyamba ndipo ndi amene apatsidwe usiku wogona, chifukwa amalume anu a zaka 40 mudzawapezabe chaka chamawa koma agogo a zaka 85 simungaziwerengere choncho. Otsalawo ndi amene mungawaone masana okha.

Mukagwirizana imbani foni, osangotumiza meseji pa WhatsApp n'kumati awona. Auzeni tsiku, muli angati, ana ndi a misinkhu yanji, mugona masiku angati, ngati pali wina yemwe ali ndi zomwe sadya kapena amamwa mankhwala, ndipo mufunse mosabisa ngati malo ogona alipo okwanira. Anthu ambiri sangakuuzeni kuti nyumba yachepa, angoti bwerani tiona chochita, kenako mudzapeza kuti eni nyumba asamuka kuchipinda kwawo akugona pabalaza chifukwa cha inu. Ngati mukudziwa kuti pakhomopo ndi pothina, pezani loji yapafupi muzigona kumeneko koma tsiku lonse muzikhala nawo, ndipo muwafotokozere bwino kuti asaone ngati mwanyoza nyumba yawo. Omwe simukawafikira nawonso muwaimbire musananyamuke. Zimapweteka kwambiri munthu kuona pa sitetasi kuti m'bale wake wadutsa makilomita 10 kuchokera pakhomo pake osanena kanthu, pamene foni ya mphindi ziwiri yoti ulendo uno sititha koma takukumbukirani ikanathetsa nkhani yonse.

Kenako nde mutsegule mapu. Nthawi yomwe Google Maps imakupatsani ndi ya galimoto yosaima, simuli kukodza kwa ana, kumwetsa mafuta, kudya, malo omwe akukonza msewu kapena thiraki yomwe mukhale kumbuyo kwake pamtunda, nde ikati maola 4 inu werengani 5 ndi theka kapena 6. M'misewu ya m'mapiri makilomita amanamiza kwambiri, mtunda wa makilomita 60 womwe pamsewu wowongoka ndi mphindi 40 kumeneko ungakudyereni maola awiri chifukwa muzikhala pa 30 kapena 40 pa ola mukukhota kona iyi n'kulowa ina. Ndi ana ang'ono ine sindingalangize kuyendetsa kopitirira maola 5 kapena 6 pa tsiku. Phiri lipatseni tsiku lakelake, lisakhale chinthu chomwe mukachite mukachoka kwa azakhali masana, ndipo usiku wa dzulo lake mugone pafupi nalo kuti mukwere m'mawa. Muikenso tsiku limodzi lopanda pulogalamu ina iliyonse chapakati pa ulendo, mudzalifuna basi, kaya mwana wadwala, kaya mvula yatseka phiri, kaya agogo akana kuti muchoke. Mapu a dera lonselo muwatsitsiretu mufoni mukadali pomwe intaneti ikugwira, chifukwa m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri netiweki imathawa, koma GPS imagwirabe ntchito ngati mapu ali kale mufoni. Pa bajeti werengani mafuta mowonjezera, galimoto yodzadza yokwera mapiri imamwa kuposa mmene mwazolowera mutawuni, ndipo mupatule ndalama ina yomwe simuikhudza pokhapokha galimoto itavuta kapena wina atadwala, ina ikhale ya kashi poti si paliponse makina a khadi amagwira.

Galimoto ipite kwa makaniko kutatsala sabata yathunthu, osati dzulo lake la ulendo. Chifukwa chake n'chakuti akapeza vuto pamafunika nthawi yosaka sipeya, komanso galimoto ikachoka ku galaja mumafunika kuyenda nayo masiku angapo kuti ngati pali chomwe sanamange bwino chionekere mukadali pafupi. Muwauze a makanikowo kuti mukupita kumapiri mutanyamula banja, ayang'ane mapadi a mabuleki, oyilo, madzi a mu radiyeta ndi mapaipi ake, fani ngati ikuzungulira injini ikatentha, malamba a injini, batire, mawayipa ndi magetsi onse. Chomwe anthu ambiri amaiwala ndi brake fluid, mafuta a mabuleki. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono ndipo akatero amawira msanga, a mtundu wotchedwa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa 230°C koma akayamwa madzi amatsikira cha pa 155°C, ndipo pamtsetse wautali mabuleki amatentha zedi. Nchifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Ngati simukukumbuka kuti anasinthidwa liti ndekuti nthawi yakwana.

Matayala muwaone nokha, musangodalira kuuzidwa. Gwadani pansi muyang'ane m'mizere ya tayala, muona timabampu ting'onoting'ono mkati mwa mizeremo, tayala likadyeka mpaka kufanana ndi timabampu timeneto ndekuti latsala ndi 1.6 mm, omwe ndi malire a lamulo m'maiko ambiri, koma pa ulendo wa m'mapiri kunja kukugwa mvula musadikire kufika pamenepo. M'mbali mwa tayala muli malemba oyamba ndi DOT, manambala anayi omalizira ndi tsiku lomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala likhoza kuoneka lonona koma lili lokalamba, labala itauma ndi timing'alu m'mbali, ndipo likafika zaka 10 lichotseni olo mizere ikhale ilipo. Mpweya muyeze matayala ali ozizira musanayende, mlingo wake walembedwa pa kasitika ka pachitseko cha dalaivala kapena pa chivindikiro cha thanki, ndipo nthawi zambiri pamakhala milingo iwiri, wa galimoto yopepuka ndi wa yodzadza, inu tengani wachiwiriwo. Tayala la sipeya nalo muliyeze, ndipo mutulutse jeke ndi sipanala ya mawilo muyesere kumasula nati imodzi pakhomo pompo, chifukwa kudziwira m'mbali mwa msewu kuti sipanala sikulowa ndi zowawa. Ngati sipeya yanu ndi kaja kakang'ono kopyapyala, kamene kaja sikapitirira 80 pa ola ndipo ndi kongokufikitsani pokonzetsa. Mapepala a galimoto, laisensi, inshuwalansi, matirayango, tochi, zingwe zojampira batire, botolo lalikulu la madzi ndi kabokosi ka mankhwala zikhale malo amodzi odziwika.

Polongedza, zolemera pansi komanso kutsogolo kwa buti pafupi ndi mipando, zopepuka pamwamba, ndipo pa shelefu ya kumbuyo kwa mitu ya ana pasakhale chinthu cholimba chifukwa mukaponda buleki mwadzidzidzi chimauluka. Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera komwe ingasenze, anthu ndi katundu pamodzi, ndipo mukapitirira mabuleki ndi matayala ndi amene amavutika. Katundu wa padenga amaonjezera mafuta komanso amapangitsa galimoto kupendama pokhota, nde ngati mungathe pewani. Chinthu chimodzi chomwe chimathandiza kwambiri pa ulendo wogona malo ambiri ndi kachikwama ka usiku umodzi, momwe muli zogonera za aliyense, miswachi, zovala za mawa ndi mankhwala, kuti mukafika mochedwa musayambe kutsitsa buti yonse pakhomo pa eni ake. Mphatso za abale muzimange padera n'kulemba dzina pa iliyonse, apo ayi nyumba yoyamba mupereka zambiri chifukwa cha chisangalalo ndipo yomaliza mufika manja ali lende. Musiyenso mpata mu buti, abale sakusiyani kubwerera chimanjamanja.

Za malamba sindinyengerera. Aliyense wake, ngakhale akumbuyo, ndipo chiwerengero cha anthu chisapose chiwerengero cha malamba, olo msuweni achonderere bwanji kuti mumutengeko mpaka kutsogoloko. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati lamba amachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi theka, ndipo mipando ya ana yomangidwa bwino imachepetsa imfa za makanda ndi 71 peresenti. Mwana wa pamiyendo simungamugwire galimoto ikagunda, olo manja anu akhale amphamvu bwanji. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo komwe kuli airbag yogwira ntchito, ndipo zitseko zakumbuyo muzitseke ndi loko wa ana uja ali m'mphepete mwa chitseko.

Tsiku lonyamuka dalaivala akhale atagona mokwanira, ndekuti kulongedza kuthe madzulo, osati 1 koloko usiku kenako 4 koloko mwadzuka. Nyamukani kukuyera, ana amagonanso maola oyambawo ndipo mumafika kukadali kowala. Muziima maola awiri aliwonse kwa mphindi 15, onse atuluke awongole miyendo, ana athamange pang'ono kutali ndi msewu. Ngati muli oyendetsa awiri sinthanani musanatope. Tulo ta pa chiwongolero sitichenjeza mokweza, mumangoona kuti mukuyasamula pafupipafupi, simukukumbuka makilomita angapo apitawo, galimoto yayamba kudya mzere. Pa 100 pa ola galimoto imayenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi, nde kutsinzina masekondi atatu okha mwadutsa mamita opitirira 80 popanda woyendetsa. Kutsegula windo ndi kukweza wailesi sikuchotsa tulo, imani pamalo otetezeka mugone mphindi 20. Wokhala pambali pa dalaivala ndi amene agwire foni, kuyankha abale omwe akufunsa kuti mwafika pati, kuona mapu ndi kuweruza milandu ya ana kumbuyoko.

Nseru ya m'galimoto imavuta ana ambiri makamaka makona akayamba. Imabwera chifukwa maso akuona chinthu chosayenda, monga foni kapena buku, pamene mkati mwa khutu mukumva kugwedezeka, nde mafoni ndi matabuleti azimitsidwe msewu ukayamba kukhota, mwanayo akhale pomwe akuona kutsogolo patali, mpweya uzilowa, ndipo asadye zamafuta zambiri musanakwere. Muziwayang'anitsitsa, mwana amene amalongolola uja akangoti zii, nkhope yatuwa, akuyasamula ndi kumeza malovu, thukuta pamphumi, mwatsala ndi mphindi zochepa, pezani poima. Mapepala apulasitiki, kansalu konyowa ndi zovala zosinthira zikhale pansi pa mpando osati mu buti. Mankhwala a nseru alipo koma amafunika kumwa ulendo usanayambe ndipo ena amagonetsa, nde funsani ku famase za msinkhu wa mwana wanu, dalaivala asamwe. Ndipo mukaima pena paliponse mwana asatsale m'galimoto yotseka olo mphindi zisanu, mkati mumatentha msanga kuposa mmene mungaganizire.

Mukafika kwa abale, tsiku ndi nthawi yonyamukira muineneretu tsiku lomwe mwafikalo, mwaulemu koma momveka, kuti Lachinayi tikadya kadzutsa tinyamuka chifukwa kutsogoloku kuli mapiri sitikufuna mdima. Mukadikira kunena m'mawa wa tsikulo mumva kuti dikirani kaye chakudya chili pamoto, uje akubwera kudzakuonani ali m'njira, ndipo inu simungakane. Kutsanzikana pakokha kumatenga ola, mwatuluka m'nyumba, mwaima pakhonde nkhani yatsopano yayamba, mwafika pagalimoto wina wakumbuka kuti pali kathumba komwe anakusungirani, mwana mmodzi wasowa ali kuseri ndi anzake, nsapato imodzi sikuoneka, kenako tijambulitse kaye tonse. Ola limenelo ndi lokoma ndipo musalidule, mungoliwerengera mu pulani, katundu alowe m'galimoto usiku. Muli pakhomopo musakhale alendo ongodikira kutumikiridwa, banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limasuntha bajeti ya nyumba ya eni ake, nde gulani zina zofunika m'nyumbamo osadikira kupemphedwa, ana anu alowe nawo pa ntchito zomwe ana a pakhomopo akugwira. Ana muwauziretu m'galimoto kuti tikupita kwa ndani, ndi ndani wawo, azikawatchula bwanji, ndipo zomwe aone zosiyana ndi kwawo asakazinene mokweza. Chomwe ndimachiona chofunika kuposa zonse ndi kupeza nthawi yokhala pansi ndi okalamba popanda foni m'manja, ana ali pomwepo, muwafunse za makolo awo, komwe anakulira, maina a anthu a pa zithunzi zakale, ndipo akalola mujambule mawu awo pafoni. Nkhani za mikangano ya m'banja, za chuma ndi ngongole zakale, ngati n'kotheka zisakhale za ulendo uno, zipezereni nthawi ina ana palibe.

Anzanu ndi osavuta. Ngati muli nawo angapo dera limodzi, panganani malo amodzi nthawi imodzi, makamaka poti ana angasewere, kusiyana ndi kuzungulira nyumba zinayi. Ikani malire a nthawi chifukwa macheza a anthu omwe anasiyana zaka zambiri satha okha, komanso akazi anu kapena amuna anu omwe sakudziwa nkhani za kusukulu kwanuzo akhala akungomwetulira kwa maola. Pakakhala zakumwa, woyendetsa asakhudze, ndipo ngati mawa lake ndi la phiri ngakhale usikuwo asapitirire, mowa wa usiku umakhala udakali m'thupi m'mawa.

Tsopano phiri. Thanki idzadze musanayambe kukwera chifukwa kumtunda malo omwetsera mafuta amasowa. Muone zanyengo, ndipo mufunse anthu a m'deralo kapena a pachipata ngati msewu uli bwino kwa galimoto ngati yanuyo. Pokwera mudzamva galimoto ikulemera, musadabwe, mpweya kumtunda ndi wopepuka ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera, kuonjezera apo mwasenza banja lonse. Tsitsani giya msanga injini isanayambe kulira movutika, ndipo diso lizipita pa geji ya kutentha. Muvi ukayamba kukwera zimitsani AC, tsegulani mawindo, yatsani hita mpaka kumapeto chifukwa imakoka kutentha kuchoka ku injini, kenako pezani poima pabwino. Chivindikiro cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amatumphuka n'kukuwotchani nkhope ndi manja, dikirani mphindi 30 kapena kuposa. Pa makona osaona kutsogolo khalani mbali yanu, imbani hutala ngati msewu ndi wopapatiza, ndipo musaovateke olo thiraki ya kutsogolo ikukwawa bwanji. Pomwe magalimoto awiri sangadutsane, kawirikawiri wotsika ndi amene amapatsa mpata wokwera. Malo okongola adzakukopani kuti muime mujambule, koma imani pokhapokha pali malo oimikapo kunja kwa msewu, osati pakona, handibuleki mukoke, giya mulowetse, mawilo muwakhotetsere kumbali ya phiri, ndipo ana atulukire chitseko cha mbali yosadutsa magalimoto. Dalaivala aone zokongolazo mutaima, poyenda maso ake ndi a msewu.

Kumtunda kumazizira, pafupifupi 6.5°C pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera, nde mukachoka pansi kuli 28 n'kukwera mamita 2,000 mukapeza 15, mphepo ikaomba kumamveka kuzizira kuposa apo. Aliyense atenge juzi ndi jekete yamvula olo pansi kukhale kukutentha. Dzuwa nalo kumtunda limawotcha kwambiri ngakhale simukulimva, cheza chake chimaonjezekera ndi 10 peresenti kapena kupitirirapo pa mamita 1,000 aliwonse, nde zipewa ndi mafuta oteteza khungu zisatsale. Ngati muyende wapansi sankhani njira poyang'ana wofooka kwambiri pagulupo, kaya ndi mwana wa zaka 5 kaya ndi agogo omwe mwawatenga, ndipo komwe kuli operekeza ovomerezeka tengani mmodzi, nkhungu ikatsika njira yomwe imaoneka bwinobwino imasowa m'mphindi zochepa. Nsapato zotseka zogwira pansi, madzi okwanira aliyense, kachakudya kopatsa mphamvu, tochi ndi foni yodzadza moto. Wamkulu mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, ana pakati, ndipo pafupi ndi phompho kapena pamiyala yonyowa ya pa mathithi mwana agwiridwe dzanja, zithunzi zoima m'mphepete zisachitike. Musananyamuke gwirizanani nthawi yobwerera, ikakwana tembenukani olo nsonga ikuoneka pafupi, ndipo wina yemwe watsala pansi adziwe njira yomwe mwatenga ndi nthawi yomwe akuyembekezereni.

M'mapiri ambiri mitambo ya mvula ya mabingu imakonda kusonkhana masana, ichi ndi chifukwa china chokwerera m'mawa. Mukaona mphezi werengani masekondi mpaka bingu limveke, masekondi atatu ndi kilomita imodzi, ndipo mukangomva bingu chokani pamwamba, pansi pa mtengo woima wokha ndi pamadzi, m'galimoto yotseka mawindo ndi motetezeka, mudikire mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Ngati phiri lake ndi lalitali kupitirira mamita 2,500 ena amayamba kumva mutu, nseru, chizungulire ndi kutopa kosadziwika bwino chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, ndipo mwana wamng'ono sanganene, amangolira ndi kukana kudya. Zikatero musakwerenso, zikapitirira tsikani. Amene ali ndi vuto la mtima, la m'mapapo kapena oyembekezera afunse kaye adokotala ulendo usanafike.

Kutsika ndi komwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo aliyense watopa, zokongola mwaziona, mtima uli kale kogona, koma ndi pomwe galimoto ili pa mayeso aakulu. Musatsike ndi buleki yokha. Lowetsani giya yotsika mtsetse usanayambe, lamulo losavuta ndi loti giya yomwe munakwerera ndi yomwe mutsikire, 2 kapena 3, kuti injini izigwira galimoto. Ya otomatiki ichotseni pa D muike pa 2, L kapena muitsitse pamanja ngati ili ndi potero. Injini idzalira mokweza ndipo palibe vuto bola muvi woonetsa kuzungulira kwa injini usalowe pofiira. Kuika pa nyutulo kapena kuponda kilatchi kuti musunge mafuta ndi koopsa, kuzimitsa injini nde kwenikweni chifukwa mabuleki ndi chiwongolero zimauma. Buleki muziiponda mwamphamvu pang'ono liwiro litsike kenako muisiye ipume, musanalowe pakona osati muli mkati mwake, kusiyana ndi kuigoneka phazi njira yonse. Mukamva fungo lakupsa ngati la labala kapena kilatchi, kapena pedulo yayamba kufewa ikulowa pansi kuposa kale, kapena mukuponda koma galimoto sikumvera ngati poyamba, mabuleki atentha. Imani pamalo oyamba otetezeka, makamaka pathyathyathya, galimoto ikhale mu giya kapena pa P ndi mwala kutsogolo kwa tayala, mudikire theka la ola kapena kuposa, musathire madzi pa madisiki otentha chifukwa amapindika. Ngati pedulo ikadali yofewa atazizira musapitirize ndi banja m'galimotomo, itanani makaniko. Mabuleki atakanika muli paliwiro, pompani pedulo mofulumira, tsitsani magiya imodzi imodzi, kokani handibuleki pang'onopang'ono mutagwira batani lake, ndipo misewu ina ya m'mapiri ili ndi kanjira ka mchenga kapena miyala kothawirako magalimoto otere, muzikaona zikwangwani zake potsika. Mu nkhungu yatsani magetsi a dimu, fulu imangokubwezerani kuwala m'maso, chepetsani liwiro ndipo mpata wa masekondi atatu womwe mumasiya pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo muuwirikize.

Ulendo wobwerera musauike tsiku lomaliza la tchuthi. Fikani kunyumba kutatsala tsiku limodzi kuti ntchito ndi sukulu ziyambe, apo ayi mudzathamanga pamsewu chifukwa cha mantha a Lolemba, ndipo makilomita omaliza pafupi ndi kwanu ndi pomwe dalaivala amatayirira poti msewu akuudziwa. M'mawa wobwererawo yezaninso mpweya wa matayala, oyilo ndi madzi injini isanatenthe, muyang'ane m'mbali mwa matayala ngati miyala ya kuphiri sinacheke kapena kutupitsa pena, ndipo katundu yemwe abale akupatsani mumupange bwino kuti asatseke galasi lakumbuyo. Mukafika imbirani nyumba iliyonse yomwe munagona kuti mwafika bwino, zithunzi muwatumizire sabata yomweyo, za agogo muzitsukitse zikhale za papepala chifukwa ambiri a iwo za pafoni saziona, ndipo musanaike pa Facebook zithunzi zomwe muli ana a eni ake funsani kaye makolo awo. Galimoto nayo ngati munamva fungo la mabuleki kapena muvi wa kutentha unakwerapo, ibwerere kwa makaniko sabata yomweyo musanayambe kuyenda nayo za tsiku ndi tsiku.